Kodi n'zotheka kudziwiratu mwana amene adzachitiridwe nkhanza?

Funso: Ndine mayi, ndimaphunzitsa pasukulu ya mkaka ndipo ndili m'komiti yoteteza ana. Ndinamva kuti m'mayiko ena muli makompyuta amene amauza boma kuti mwana wakutiwakuti adzazunzidwa kapena kulekereredwa, zinthuzo zisanachitike. Kodi n'zoona? Ngati zili zoona, bwanji komiti yathu osalemba mndandanda wa zizindikiro, n'kumapereka malikisi kwa banja lililonse, kuti tidziwe ana oyenera kuwayang'anitsitsa? Mtima umandiwawa chifukwa nthawi zambiri timadziwa mochedwa, mwana atavulala kale.

Yankho: Mayi, zimene munamvazo n'zoona. Makompyuta otero alipo, ndipo ena akugwira ntchito lero lino. Koma ndikuuzirenitu maganizo anga. Palibe munthu, fomu kapena makina amene angaloze mwana mmodzi n'kunena motsimikiza kuti uyu ndiye adzazunzidwe. Chimene tingathe ndi kuzindikira mabanja amene katundu wawalemera, ndipo kuzindikirako kuli ndi phindu ngati kukutilozera komwe thandizo liyenera kupita. Mndandanda wa malikisi mukuuganizirawo ndikukuletsani, ngakhale ndikudziwa kuti wachokera mumtima wachifundo.

Zimene zimaika mwana pachiopsezo n'zodziwika bwino, chifukwa zafufuzidwa kwa zaka zoposa 60, kuyambira pamene dokotala wa ana C. Henry Kempe ndi anzake anadzutsa madokotala mu 1962 kuti mafupa othyoka a makanda ena si ngozi wamba. Ana osapitirira zaka 4 ndiwo amavulala kwambiri, makamaka makanda, poti sangathawe komanso sanganene. Kulira kwa khanda kumafika pachimake likakwana milungu 6 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo m'miyezi yoyambirira yomweyo ndi mmene makanda ambiri amagwedezedwa mwamphamvu ndi munthu wotopa mpaka ubongo kuvulala. Ana aulumali nawonso ali pamoto: kafukufuku wosindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2012 anapeza kuti amachitiridwa nkhanza kuwirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi anzawo. Kumbali ya makolo, zimene zimabwerezedwa m'kafukufuku aliyense ndi uchidakwa, mankhwala ozunguza bongo, matenda a maganizo osalandirirapo thandizo, ndewu za m'banja, nkhawa ya ndalama, kukhala wopanda mbale kapena mnzako womudandaulira, ndiponso kukhala kuti khololo linazunzidwapo lili mwana.

Zonsezi n'zoona, koma n'zoona ponena za gulu. Tengani chomalizacho, chimene anthu amachikhulupirira kwambiri, chakuti wozunzidwa amadzazunzanso ake. Mu 1987 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Yale, Joan Kaufman ndi Edward Zigler, anaunika kafukufuku amene analipo n'kupeza kuti amene amaterowo ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu. Ndiye kuti awiri mwa atatu amalera ana awo popanda nkhanza, ndipo ena mwa iwo ndi makolo osamala kuposa wina aliyense chifukwa ululuwo anaulawa. Mukalemba pafomu yanu kuti "kholo linazunzidwapo" n'kuikapo malikisi, mwadetsa mbiri ya anthu awiri osalakwa pofuna kugwira mmodzi. N'chimodzimodzi ndi mafunso otchuka a kafukufuku wa ACE wa 1998, amene anawerengera mavuto a paubwana mwa anthu oposa 17,000 ku California. Mmodzi mwa amene anayambitsa kafukufukuyo, Robert Anda, anachita kulemba iye mwini pamodzi ndi anzake mu 2020 kuchenjeza kuti malikisi a mafunsowo asamagwiritsidwe ntchito poweruza munthu mmodzi. Azanyengo atha kunena kuti chigawo chonse kugwa mvula yamabingu mawa, n'kulondola, koma safunsidwa kuti mphezi igwera mtengo uti.

Pali masamu ena ochepa amene ndikufuna muwamvetse, chifukwa ndiwo mutu wa nkhani yonseyi. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti pali ana 10,000, ndipo mwa iwo 100 adzavulazidwa kwambiri m'zaka ziwiri zikubwerazi. Tinenenso kuti tili ndi chida chabwino zedi, chimene chimagwira 80 mwa ana 100 amenewo, ndipo chimangolakwitsa pa ana 10 mwa 100 aliwonse amene ali bwinobwino. Chida chotero anthu angachiombere m'manja. Koma ana amene ali bwinobwino ndi 9,900, ndiye kuti chidacho chiloza 990 mwa iwo molakwika. Onse olozedwa akwana 1,070, ndipo ovutikadi ndi 80 okha. Pa mabanja 13 aliwonse amene mungawagogodere pakhomo, 12 sanalakwe kanthu. Pomwepo ana 20 amene adzavulaledi alembedwa kuti ali pabwino, ndipo palibe amene awacheukire. Vuto limeneli silichoka pogula kompyuta yamphamvu. Limabwera chifukwa nkhanza zoopsa kwambiri, ngakhale zimatisweka mtima, zimachitikira ana ochepa pakati pa ana ambirimbiri amene mabanja awo akufanana m'zonse zolembeka papepala.

Izi sizinathere pa masamu. Boma la Illinois ku America linasiya pulogalamu yake yolosera mu December 2017, itapereka chenjezo lakuti ana oposa 4,100 anali ndi mwayi wa 90 peresenti kapena kuposerapo woti afa kapena kuvulala kwambiri. Ogwira ntchito anasowa poyambira, ndipo ana ena amene anafadi nthawi imeneyo, amene ofesi yoteteza ana inkawadziwa kale, pulogalamuyo sinawaike pagulu la amene ali pachiopsezo chachikulu. Ku England, bungwe la What Works for Children's Social Care linayesa njira 32 za pakompyuta pa mafayilo a makhonsolo anayi, n'kutulutsa lipoti mu 2020. Njirazo zinkaphonya ana anayi mwa asanu amene analidi pachiopsezo, ndipo zikaloza mwana zinkalakwitsa ka 6 pa maulendo 10 aliwonse. Ku New Zealand kunakonzedwa zoti makanda pafupifupi 60,000 apatsidwe malikisi atangobadwa, kenako aziwaonerera kwa zaka ziwiri kuti aone ngati kuloserako kukulondola. Nduna yoona za chisamaliro cha anthu, Anne Tolley, inakana kwamtuwagalu ponena kuti ana si makoswe oyeserapo zinthu, ndipo nkhaniyi inadziwika mu 2015.

Ndisanamizire zidazi kuti zonse n'zachabe. Chimene chakonzedwa mosamala kwambiri ndi cha ku Allegheny County, dera limene kuli mzinda wa Pittsburgh, chimene chinayamba mu August 2016. Anachikonza ndi gulu lotsogozedwa ndi Rhema Vaithianathan wa ku Auckland ndi Emily Putnam-Hornstein. Chimenechi sichiunika mwana aliyense wa m'deralo. Chimagwira ntchito munthu akaimba foni kudandaula za mwana wina. Kompyuta imafufuza m'mafayilo a boma, monga a ofesi yoteteza ana, a ndende ndi a thandizo la matenda a maganizo, n'kutulutsa nambala ya pakati pa 1 ndi 20. Wolandira foniyo amaona nambalayo pamodzi ndi zimene wamva, ndipo chigamulo choti apite kukafufuza kapena ayi chimakhalabe cha anthu. Amene amachiikira kumbuyo ali ndi mfundo yomveka: munthu wotopa, amene walandira mafoni ambirimbiri tsiku limodzi, nayenso amalakwitsa, ndipo tsankho lake silioneka. Kuyambira 1954, pamene katswiri wa zamaganizo Paul Meehl anayerekezera njira ziwirizi, zaonekadi kawirikawiri kuti kuwerengera kwadongosolo kumafanana kapena kuposa kuganiza kwa katswiri payekha. Mfundo imeneyi ndimailemekeza.

Komabe taonani chimene nambala ija imalosera. Imalosera ngati mwanayo adzachotsedwe pakhomo ndi boma m'zaka ziwiri zotsatira. Kuchotsedwa pakhomo ndi chigamulo cha ofesi ndi khoti, ndiye kuti makinawo akuphunzira kulosera zimene akuluakulu amachita, zolondola ndi zolakwika zomwe. Kompyuta siona mwana. Imaona zimene zinalembedwa, ndipo zolembedwa zimachuluka pa anthu osauka, poti ndiwo amadutsa m'maofesi a boma pofuna thandizo. Bambo wolemera amene ali chidakwa amapita kwa dokotala wolipira, dzina lake osalowa m'fayilo iliyonse imene makinawo amawerenga. Kafukufuku wina wa 2017 anayerekezera kuti ana 37 mwa 100 a ku America amafufuzidwapo ndi ofesi yoteteza ana asanakwane zaka 18, koma pakati pa ana achikuda nambalayo ndi 53. Makina ophunzira pa mafayilo otero amatengera kupendekeka komweko. Atolankhani a Associated Press atalemba za madandaulo amenewa mu 2022, boma la Oregon linasiya chida chake chimene chinatengera cha ku Allegheny, ndipo mu 2023 kunamveka kuti unduna wa zachilungamo wa America ukuunika ngati chida cha ku Allegheny chikupondereza makolo aulumali.

Ngati zili chonchi kwa anthu okhala ndi mafayilo mamiliyoni ndi akatswiri a masamu, fomu ya komiti yanu idzakhala yotani? Idzadzaza ndi mayi wolera yekha ana, bambo wosowa ntchito, mtsikana amene anabereka ali wamng'ono. Apa m'pamene ndimaopa kwambiri kusokoneza umphawi ndi kulekerera. Ku America, pafupifupi atatu mwa ana anayi amene ofesi imatsimikiza kuti avutika amakhala a m'gulu la kulekereredwa: chakudya chosakwana, kusiyidwa okha, kusapita nawo kuchipatala. Kerri Raissian ndi Lindsey Bullinger anapeza mu 2017 kuti malipiro otsikitsitsa akakwera ndi dola imodzi pa ola, malipoti a kulekerera ana amatsika ndi pafupifupi 10 peresenti. Makolowo mitima yawo inali yomweyo, chinasintha ndi m'thumba. Funso limene ndimadzifunsa ndikaona mwana wosasamba kapena wanjala ndi ili: kholo limeneli litapatsidwa chimene likusowa, mwanayu angasamalidwe? Nthawi zambiri yankho limakhala inde, ndipo zikatero vuto ndi kusowa. Pali ena ochepa amene yankho limakhala ayi, amene chakudya chilipo koma mwana mmodzi ndiye amamanidwa, kapena mankhwala aperekedwa koma samupatsa. Amenewo ndi nkhani ina, yofunika kuchitapo kanthu msanga.

Fomu ya malikisi imawononganso njira imene mumadziwira zinthu. Mayi amene wasokonezeka maganizo atabereka, kapena amene akumenyedwa ndi mwamuna wake, amakuuzani chifukwa amakukhulupirirani. Akangomva kuti zimene wanenazo zimasanduka malikisi omuyesa kholo loopsa, atseka pakamwa, ndipo anzake onse atsekanso. Chinsinsi cha mndandanda wotero sichikhalitsa. Choopsa koposa n'chakuti mndandandawo umagonetsa tulo pa ana amene mulibemo. Kugwiririra ana sikusankha nyumba. Kawirikawiri wochita zimenezi ndi munthu amene mwanayo amamudziwa ndi kumudalira, wolemekezeka pamaso pa anthu, amene sangapeze likisi ngakhale limodzi pafomu yanu.

Mwati timadziwa mochedwa. Ndikuvomera, koma tikaunika nkhani za ana amene anafa, kuchedwako nthawi zambiri sikubwera chifukwa chosowa ulosi. Pulofesa Eileen Munro anawerenga malipoti 45 a makomiti ofufuza imfa ndi nkhanza za ana ku Britain, a pakati pa 1973 ndi 1994. Chimene anachipeza mobwerezabwereza n'chakuti ogwira ntchito ankapanga maganizo awo pa banja koyambirira, ndipo umboni watsopano ukabwera ankachedwa kusintha. Akangoti mayi uyu ndi wabwino, bala lililonse latsopano linkapezeredwa chifukwa. Mu 2007 ku Haringey mumzinda wa London kunafa kamnyamata ka miyezi 17 kamene dzina lake linali kale m'kaundula wa ana ofunika kutetezedwa. Ogwira ntchito zachisamaliro, achipatala ndi apolisi anali atakaona pafupifupi ka 60 m'miyezi 8. Kamwanako kanali katalozedwa kale. Chinasowa ndi munthu wokhulupirira zimene maso ake ankaona.

N'chifukwa chake ndikufuna mphamvu zanu zipite pa zimene zikuchitika lero m'thupi ndi m'khalidwe la mwana. Apa pali zinthu zimene zimaloseradi bwino kuposa fomu iliyonse. Khanda limene silinayambe kukwawa kapena kuyenda chogwirira siliyenera kukhala ndi mikwingwirima, poti lilibe podzigunditsa. Dokotala wa ana Mary Clyde Pierce ndi anzake anaonetsa kuti kwa mwana wosapitirira zaka 4, kubilira kwa khungu pamimba, pachifuwa, kumsana, m'makutu kapena m'khosi n'kokayikitsa, ndipo kwa khanda la miyezi 4 kutsika m'munsi kubilira kulikonse n'kokayikitsa. Mwana wosewera amadzipweteka pamawondo, pamiyendo ndi pachipumi. Khutu lobilira silibwera ndi masewera. Kafukufuku wa Lynn Sheets wa 2013 anapeza kuti mwa makanda amene anatsimikizika kuti azunzidwa, oposa limodzi mwa anayi anali ataonedwapo kale ndi kabala kakang'ono, pakhungu kapena m'kamwa, kamene anthu anakapeputsa. Kabala koteroko ndi chenjezo lenileni, ndipo kamafunika kuti dokotala aunike mwanayo tsiku lomwelo. Tcherani khutu ku mafotokozedwe a wamkulu. Nkhani yosagwirizana ndi msinkhu wa mwana, monga kunena kuti khanda la mwezi umodzi linagubuduka lokha, nkhani yosinthasintha, kapena kuchedwa kupita kuchipatala popanda chifukwa chomveka, zonsezi n'zolemera kuposa umphawi wa banjalo.

Inu amene mumakhala ndi ana tsiku ndi tsiku muli ndi chinthu chimene kompyuta ilibe, ndicho kudziwa mmene mwanayo analili mwezi watha. Mwana wosangalala akangozizira mwadzidzidzi, amene anasiya kudzikodzera akayambiranso, amene akuchita kapena kulankhula zogonana zoposa msinkhu wake, amene amauma thupi akaona munthu wina wake wabwera kudzamutenga, amene akuonda pamene anzake akukula, ameneyo akukuuzani kanthu. Chimodzi mwa izi pachokha si umboni, poti matenda, maliro kapena kubadwa kwa mng'ono wake kungamusinthenso mwana. Koma n'chifukwa chokwanira choti mumuyandikire, mucheze naye payekha, ndi kulemba zimene mwaona ndi deti lake. Mwana akayamba kukuuzani, khalani phee, musaonetse kudzidzimuka, ndipo musamuike mawu m'kamwa. "Tandiuza, chinachitika n'chiyani?" ndi funso labwino, pamene "Anakugwira ndi uje eti?" likhoza kuwononga mlandu wonse. Musalonjeze kuti musunga chinsinsi. Muuzeni kuti wachita bwino kunena, kuti si iye wolakwa, ndiponso kuti muuza munthu amene angathandize. Lembani mawu ake enieni mmene wawanenera, kanenani tsiku lomwelo kwa amene lamulo linawapatsa udindo woteteza ana, ndipo musapite nokha kukafunsa woganiziridwayo, chifukwa mwanayo ndiye abwerera kunyumba komweko madzulo.

Tsono nzeru ija ya zinthu zoika ana pachiopsezo tiitaye? Ayi ndithu. Ntchito yake ilipo, ndipo David Olds anaionetsa bwino. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ku Elmira, m'boma la New York, iye anayesa dongosolo loti anamwino aziyendera kunyumba amayi oyembekezera mwana woyamba, ambiri mwa iwo achichepere, osauka kapena osakwatiwa, kuyambira ali ndi pakati mpaka mwana atakwana zaka 2. Amayiwo anali pafupifupi 400. Patapita zaka 15, malipoti otsimikizika a nkhanza ndi kulekerera anali ochepa ndi pafupifupi theka m'mabanja amene ankayenderedwa motero. Olds anagwiritsa ntchito zizindikiro zomwezija, koma zinamuuza kopita ndi namwino, ndipo mayi anali ndi ufulu wovomera kapena kukana. Maganizo omwewa ali m'ndondomeko ya INSPIRE imene bungwe la WHO ndi mabungwe anzake anatulutsa mu 2016, mmene muli kuthandiza makolo pa kaleredwe ndi kulimbitsa chuma cha pabanja. UNICEF inanena mu 2024 kuti ana 6 mwa 10 osakwana zaka 5 padziko lonse, pafupifupi 400 miliyoni, amamenyedwa kapena kuzunzidwa ndi mawu kunyumba kawirikawiri. Pa vuto lalikulu chotere, kuphunzitsa makolo onse njira zolangira popanda ndodo kumafikira ana ambiri kuposa kusakasaka ochepa.

Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi wakuti, ndikalakwitsa, banjalo litaya chiyani? Ndikaganiza kuti mayi wina watopa kwambiri n'kumuyendera, kumumvetsera, kumulumikiza ndi achipatala kapena gulu la makolo anzake, ndiye n'kupezeka kuti sakanavulaza mwana wake, palibe chimene chawonongeka. Koma kulakwitsa kwanga kukatanthauza kumufufuza, kumuchititsa manyazi kapena kumulanda mwana, chilondacho n'chachikulu, kwa mwanayonso. Choncho chiopsezo chokha chimakwanira popereka thandizo, pamene kulowerera m'banja mwamphamvu kumafuna chinthu chooneka kapena chomveka: bala, mawu a mwana, mboni.

Ngati komiti yanu ikufuna kulemba kanthu, ilembe zinthu ziwiri. Choyamba ndi kaundula wachinsinsi wa zimene zaonedwa, wokhala ndi deti, zimene zinaoneka, mawu enieni a mwana ndi zimene zinachitidwa, wosungidwa ndi munthu mmodzi wodalirika, kuti tizidutswa timene aphunzitsi osiyanasiyana aona tikumane pamalo amodzi. Chachiwiri ndi pepala lodziwika kwa aliyense lonena woyenera kuuzidwa, nambala yake ya foni, ndi woti auzidwe ngati woyambayo sanachitepo kanthu. Muzikhala pansi nthawi ndi nthawi kuunikanso nkhani zimene munazitseka, ndipo mmodzi wa inu azipatsidwa dala udindo wofunsa kuti, bwanji ngati tinalakwitsa pa banja ili? Tsiku lina kukabwera wina ndi pulogalamu ya pakompyuta yoti imalosera, mufunseni kuti mwa ana 100 amene imaloza ndi angati amene amavutikadi, ndi angati amene imawaphonya, inaphunzira pa mafayilo a anthu ati, chimachitika n'chiyani kwa banja likalozedwa, ndiponso ngati kholo lingaone zimene zalembedwa za ilo n'kutsutsa zolakwika. Akalephera kuyankha mafunso amenewa ndi manambala, musamupatse mayina a ana anu.